NARAYAN VAMAN TILAK, 1861–1919

Tilak anabadwa m'caka ca 1861 m'dziko la India, m'banja la Abrahmini, ndiwo mtundu wa ansembe a Cihindu. Ahindu ali nayo njira yocedwa bhakti: munthu apereka mtima wake wonse kwa mulungu wake, namuimbira, nasala kudya, nachula dzina lake usana ndi usiku, kufikira kudzikonda kutatha mwa iye. Tilak anatsata njirayi mwacangu. Anakonda nyimbo za Tukaram, mlakatuli wakale wa Cimarathi, nasiya nyumba yake kawirikawiri kukafuna mtendere, koma sanaupeze.

Tsiku lina m'sitima ya pamtunda mlendo anampatsa Cipangano Catsopano. Pofika pa Ciphunzitso ca pa Phiri mtima wake unagwidwa, ndipo anabatizidwa ku Bombay pa 10 February 1895. Abale anamtaya. Mkazi wake Lakshmibai anakhala kutali naye, koma m'caka ca 1900 anabatizidwa iyenso.

Cinamuwawa Tilak kumva Akristu anzace akuimba maimbidwe a Azungu okha. Tero anatenga maimbidwe a bhakti nalemekeza nawo Yesu. Mipingo ya Cimarathi iimbabe nyimbozo. Anadzozedwa ubusa m'1904, koma m'1917 anasiya malipiro a Misyoni, nasankha umphawi wa anthu opatulika a kwao. Anamwalira pa 9 May 1919.

Mkristu wa ku Katete kapena ku Sinda adzifunse: ngati Tilak anafuna Mulungu cotero asanamdziwe Yesu, nanga wobatizidwa kale amfuna bwanji?