Henry Willis, Mmisiri wa Malimba (1821–1901)

Henry Willis adabadwira ku London pa 27 April 1821. Anthu adamtcha Father Willis, koma sadali wansembe ai. Dzinalo lidali la ulemu, ndiponso lomsiyanitsa ndi ana ndi adzukulu ake amene adatsata ntchito yomweyo.

Ali ndi zaka 14 adayamba kuphunzira umisiri kwa John Gray. Limba la mtundu umenewu silifanana ndi kalimba kopalasa ndi mapazi ka m'matchalitchi a kumidzi. Lili ndi zitoliro zikwizikwi, za chitsulo ndi za matabwa, ndipo mpweya umachokera ku mivukuto ya chikopa, monga ya osula makasu, koma yaikulu. Mbiri yake idamveka pa chionetsero chachikulu cha ku London mu 1851, ndipo pambuyo pake adapanga malimba a Royal Albert Hall (1871) ndi St Paul's Cathedral (1872).

Mu 1891, ali ndi zaka 70, adamanga limba m'nyumba yachifumu ya Blenheim, kufupi ndi Oxford, momwe Winston Churchill adabadwira. Adamuitana ndi Duke wachisanu ndi chitatu wa Marlborough ndi mkazi wake Lilian, wa ku America. Limbalo, lokhala ndi mizere inayi yoimbira ndi manja ndi wina wa mapazi, adaliimika m'chipinda chachitali chosungiramo mabuku. Mwini nyumba sadalimve nthaŵi yaitali, pakuti adamwalira chaka chotsatira. Patapita zaka ngati 40 adaikamo makina a Welte, oimba okha poŵerenga mapepala obooledwa, kuti nyimbo zimveke ngakhale woimba palibe.

Limba lotere limavuta kusunga m'nyumba yokhalamo anthu kuposa m'tchalitchi mozizira. Moto wofunditsa zipinda umaumitsa matabwa, chikopa chimang'aluka, mpweya nkumathaŵa. Fumbi likaloŵa m'chitoliro, chimasasa mawu. Kutentha kukasintha, mawu a zitoliro amasiyana, ndipo mmisiri ayenera kukwera m'kati ndi kuziwongola chimodzichimodzi. Willis ankaidziŵa ntchito imeneyi ndi khutu, pakuti iye mwini adali woimba limba m'tchalitchi ku Islington zaka zambiri.

Limba lake lomaliza la m'katedrala lidali la ku Lincoln, mu 1898. Adamwalira pa 11 February 1901, naikidwa m'manda a Highgate ku London.