Thomas More Woyera pa Mpando wa Sipikala

Pa tsiku la 22 Juni Eklezia Katolika amakumbukira Thomas More Woyera, munthu wa pa banja ndi katswiri wa malamulo, amene adadulidwa mutu ku London m'chaka cha 1535. Akhristu ambiri amamdziwa monga martiri. Koma zaka 12 asanafe iye adakhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo ya ku Mangalande, ndipo zimene adachita pa mpandowo zimaunikira imfa yake.

Thomas adabadwira ku London m'chaka cha 1478. Ali mnyamata adatumikira m'nyumba ya Arkiepiskopi John Morton wa ku Canterbury, amene poona nzeru zake adamtumiza ku sukulu ya ukachenjede ya Oxford. Pambuyo pake adaphunzira malamulo monga bambo wake. Kwa zaka zingapo adali kupemphera pamodzi ndi amonke a ku Charterhouse, kufikira adazindikira kuti Mulungu alikumuitanira ku moyo wa banja. Adakwatira Jane Colt, nabereka naye ana anayi. Mayiyu atamwalira m'chaka cha 1511, Thomas adakwatira mkazi wamasiye, Alice Middleton. Mbiri ya chilungamo chake pa milandu idafika kwa Mfumu Henry VIII, imene idamtenga akhale mmodzi wa alangizi ake.

M'dzikomo aphungu a maboma ndi mizinda adali ndi nyumba yawoyawo, yosiyana ndi ya nduna ndi maepiskopi. Ntchito ya Sipikala idali kuyendetsa zokambirana zawo ndi kukawalankhulira kwa mfumu. Pa mwambo, aphungu ndiwo adali kumsankha. Koma kunena zoona dzina lidali kuchokera ku nyumba ya mfumu, aphungu nangovomereza. Wosankhidwayo adayenera kudandaula kuti sali woyenera, kenaka adali kumpereka kwa mfumu kuti imlandire. Udindowu udali woopsa, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya: wonyamula mawu owawa a aphungu ndiye adali kuyamba kuona mkwiyo wa mfumu. Mpaka lero, ngakhale kuti kuyambira m'chaka cha 2009 aphungu a ku London amasankha Sipikala mwa voti yachinsinsi ndipo iye amasiya chipani chake, anzake amachita kumkoka dzanja popita naye ku mpando, kukumbukira mantha akalewo.

Mu Epulo 1523 mfumu idaitana Nyumba ya Malamulo chifukwa idafuna ndalama za nkhondo yake ndi France. Kardinala Thomas Wolsey, nduna yaikulu, adaloza Thomas More, ndipo aphungu adavomera. Wolsey adayembekeza kuti munthu wa mfumu adzafewetsa mitima ya aphungu. Thomas adadandaula za kuchepa kwake monga mwa mwambo, koma adaonjeza pempho lina. Adakumbutsa mfumu kuti mwa anthu ochuluka chotere si onse odziwa kukometsa mawu, ndi kuti nthawi zina wolankhula mokhadzula ndiye ali ndi uphungu wabwino. Tsono adapempha kuti phungu aliyense aloledwe kunena za kumtima kwake popanda kuopa chilango. Ili ndilo pempho loyamba lolembedwa la ufulu wa kulankhula m'nyumbayo.

Wolsey adafuna mapaundi 800,000. Aphungu atawiringula, iye adabwera yekha m'nyumbamo ndi gulu la omperekeza, mitanda ndi zizindikiro zonse za ulemerero wake, nayamba kufunsa aphungu mmodzimmodzi. Onse adangoti chete. Atatembenukira kwa Sipikala, Thomas adagwada mwaulemu nafotokoza kuti mwambo wakale wa nyumbayo sulola kuyankha motero, ndi kuti iye yekha sangayankhe kanthu aphungu asanamtume. Kardinala adatuluka wopanda yankho. Thomas sadapandukire mfumu ayi: adathandiza kuti msonkho uvomerezedwe, koma udali wochepa kuposa umene Wolsey adafuna, ndipo aphungu adauvomera atakambirana okha.

M'chaka cha 1529 Wolsey adagwa, Thomas nalowa m'malo mwake monga nduna yaikulu ya malamulo. Nthawiyo mfumu idafuna kuleka mkazi wake Catherine wa ku Aragon kuti ikwatire Anne Boleyn, ndipo Papa sadalole. Poona kumene zinthu zidali kulowera, Thomas adatula pansi udindo m'chaka cha 1532. M'chaka cha 1534 Nyumba ya Malamulo yomwe ija idakhazikitsa malamulo olamula anthu kulumbira ndi oika mfumu kukhala mutu wa Eklezia ku Mangalande. Thomas adakana kulumbira, koma sadanene chifukwa chake. Adadziwa kuti pa malamulo munthu salakwa chifukwa chokhala chete. Adamtsekera m'ndende ya Tower of London miyezi yoposa 14, ndipo ngakhale mwana wake wokondedwa Margaret sadathe kumtembenuza mtima.

Mlandu wake udazengedwa pa 1 Julayi 1535. Woutsogolera adali Thomas Audley, amene adakhala Sipikala m'chaka cha 1529. Mboni imene idati idamumva akukana ulamuliro wa mfumu pa Eklezia idali Richard Rich. Thomas adatsutsa kuti umboniwo ngwabodza, koma sadammvere, ndipo chaka chotsatira Rich yemweyo adasankhidwa kukhala Sipikala. Chigamulo chitaperekedwa, Thomas adatsekula pakamwa nanena poyera kuti Nyumba ya Malamulo ilibe mphamvu yoika mfumu m'malo mwa Papa. Pa 6 Julayi adamdula mutu.

Anthu atatu onsewa adafika pa mpando umodzi mwa njira imodzi, dzina lochokera kwa mfumu, aphungu nkuvomereza. Awiri adatumikira wowasankha m'zonse. Mmodzi adamtumikira mokhulupirika kufikira pamene lamulo la mfumu lidawombana ndi la Mulungu. Papa Pius XI adamlemba m'gulu la oyera m'chaka cha 1935 pamodzi ndi Episkopi John Fisher, ndipo m'chaka cha 2000 Papa John Paul II adamuika kukhala nkhoswe ya atsogoleri a maiko ndi andale.