Bilal, dzina la chinyezi m'dziko louma

Ku Mangochi, Machinga ngakhale ku Nkhotakota, anyamata otchedwa Bilal, ena amati Bilali, alipo ambirimbiri. Dzinali ndi la Chiarabu ndipo likuchokera ku mawu otanthauza kunyowetsa kapena chinyezi, timadzi tongokwana kunyowetsa pakhosi. Kwa ife a kunyanja zimenezi sizikumveka ngati zazikulu, koma kwa munthu wa m'chipululu, kutcha mwana chinyezi ndi kumufunira moyo.

Amene analitchukitsa ndi Bilal ibn Rabah, yemwe anabadwira ku Makka cha m'ma 580. Mayi ake, a Hamama, anali ochokera ku Abyssinia, komwe lero timati Ethiopia, ndipo iye anabadwa ali kapolo kale. Dzinali analandira Chisilamu chisanayambe, choncho gwero lake ndi chinenero, chipembedzo chinangolipeza.

Chimene chimandikhudza ine n'chakuti munthu wa dzina la chinyeziyu anazunzidwa ndi dzuwa. Atalowa Chisilamu, bwana wake Umayya ibn Khalaf ankamugoneka chagada pa mchenga wotentha masana dzuwa likuswa mtengo, n'kumuika chimwala pachifuwa kuti asiye chikhulupiriro chake. Iye ankangobwereza kuti Mulungu ndi mmodzi. Abu Bakr ndi amene anamugula n'kumumasula.

Asilamu atasamukira ku Madina mu 622, panafunika njira yoitanira anthu ku mapemphero. Ena anaganiza za belu, ena lipenga, koma mapeto ake anasankha mawu a munthu, ndipo Mtumiki Muhammad anapereka ntchitoyo kwa Bilal. Azana imene mumaimva mbandakucha ija, woyamba kuiitana anali iyeyu. Ankasunganso chuma cha gulu, udindo umene sungaupereke kwa munthu womukayikira.

Mu 630 Makka itagwa m'manja mwa Asilamu, Bilal anakwera pamwamba pa Kaaba n'kuitana azana. Taganizani, mumzinda womwewo umene ankamukoka ngati katundu! Ena mwa akuluakulu a mtundu wa Quraysh zinawawawa kuona kapolo wakale, wakuda, ali pamwamba penipeni. Umayya sanaone nawo, anali ataphedwa kale pa nkhondo ya ku Badr mu 624.

Mtumiki atamwalira mu 632, Bilal anasiya kuitana azana tsiku ndi tsiku, akuti chisoni chinkamutseka kukhosi. Anapita ku Syria limodzi ndi asilikali ndipo anamwalira komweko cha m'ma 640. Ku Damascus, kumanda a Bab al-Saghir, kuli manda amene anthu amati ndi ake, ndipo mpaka lero amapita kukawaona.