Sholes, Mmisiri wa Makina Otaipira

Christopher Latham Sholes anabadwa m'chaka cha 1819 ku Pennsylvania, m'dziko la America. Iye anali wosindikiza ndiponso mkonzi wa nyuzipepala. M'chaka cha 1868, pamodzi ndi anzake Carlos Glidden ndi Samuel Soule, analandira chikalata cha Boma chotsimikiza kuti makina awo otaipira ndi luso lawolawo. Pambuyo pake Sholes anagulitsa ufulu wake kwa James Densmore, amene ankalipirira ntchitoyo, ndipo mu 1873 Densmore anapangana ndi kampani ya Remington kuti izipanga makinawo. Motero wofesa anali Sholes, koma okolola kwambiri anali ena. Anamwalira ku Milwaukee mu 1890. Komabe mndandanda wake wa malembo, woyamba ndi QWERTY, ndiwo alembi ndi aphunzitsi akutaipirabe pa makompyuta kufikira lero lino.