Diana ndi Mabomba Okwirira

Diana anabadwa m'chaka cha 1961 ku Sandringham, m'dziko la England. Atakula anagwira ntchito yosamala ana pa sukulu ya mkaka. Mu 1981 anakwatiwa ndi Charles, mwana wachisamba wa Mfumukazi Elizabeth, ndipo dzina lake linamveka ponseponse.

Pa masiku amenewo maiko ambiri anali kusauka ndi mabomba okwirira pansi. Nkhondo ikatha asilikali amabwerera kwao, koma mabombawo amatsala m'minda ndi m'njira. Mlimi kapena mwana akapondapo, bomba limaphulika n'kumudula mwendo, mwinanso kumupha kumene.

Mu Januwale 1997 Diana anapita ku Angola ndi bungwe la Red Cross, nacheza ndi ana oduka miyendo. Ku Huambo anavala zoteteza nkhope ndi chifuwa, nayenda m'kanjira kodutsa pakati pa malo amene munali mabomba. Anthu a m'maiko akutali ataona zithunzi zake anazindikira kukula kwa vutoli. Andale ena a kwao anamudzudzula, koma iye sanafooke. Mu Ogasiti anakazondanso ovulala ku Bosnia.

Diana anamwalira pa ngozi ya galimoto ku Paris pa 31 Ogasiti 1997. Mu Disembala chaka chomwecho, maiko 122 anasaina pangano loletsa mabombawa ku Ottawa, m'dziko la Canada. Ntchito yowachotsa inapita patsogolo, ndipo agalu ophunzitsidwa kununkhiza fungo la wonga anathandiza kwambiri. Mu 2015 dziko la Mozambique linalengeza kuti lachotsa mabomba m'malo onse amene anali kudziwika.