Judah Magnes, Myuda Amene Anafuna Dziko Limodzi la Mitundu Iwiri

Judah Magnes anabadwira ku San Francisco, m'dziko la America, m'caka ca 1877. Anaphunzira cipembedzo ca makolo ace nakhala rabi, ndiye kuti mphunzitsi wa malamulo a Ayuda, natumikira ku New York zaka zambiri. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse iye anatsutsa nkhondo poyera, ndipo abwenzi ambiri anamfulatira.

M'caka ca 1922 anasamukira ku Palestine, dziko limene masiku amenewo linali m'manja mwa Angerezi monga linaliri lathu lino. Potsegulidwa sukulu yaikulu ya Hebrew University m'caka ca 1925, Magnes ndiye anaikidwa mkulu wace woyamba. Sukuluyo anaimanga pa phiri la Scopus, loyang'ana mzinda wa Jerusalem monga Malosa ayang'anira cigwa ca Domasi, kungoti Scopus ndi kaphiri cabe.

Tsono mlandu unali uwu. Ayuda anali kufika ambiri kucokera ku Ulaya, kumene anali kuzunzidwa. Koma dziko anafikamolo silinali thengo lopanda mwini. Aarabu anali ndi midzi yao momwemo, minda yao ya azitona, ndi manda a makolo ao. M'caka ca 1929 mitundu iwiriyi inakhetsana mwazi. Anzace atapsa mtima, Magnes anaumirira kuti Ayuda asamange mudzi wao ndi mfuti, koma apangane ndi Aarabu kukhala m'dziko limodzi losagawa, mtundu uli wonse ndi mau olingana m'boma. Ophunzira ace omwe anamkuwiza. M'caka ca 1942 iye, Martin Buber ndi Henrietta Szold anayambitsa bungwe la Ihud, ndiko kunena Umodzi. Otsatira ace anali owerengeka, ndipo comvetsa cisoni ncakuti atsogoleri a Aarabu naonso sanalandire maganizowo.

Mu April 1948 Aarabu anapha anthu oposa 70 pa njira yopita ku cipatala ca Hadassah ndi ku sukulu yace ija. Ngakhale pamenepo mtima wace sunatembenuke. Anapita ku America kukadandaulira boma kuti liletse nkhondo, naonana ndi President Truman, koma sanaphule kanthu. Dziko la Israel linakhazikitsidwa mu May, ndipo m'nkhondoyo Aarabu pafupifupi 700,000 anathawa kapena kupirikitsidwa m'midzi yao.

Ali wodwala, Magnes anapempha bungwe lina lothandiza Ayuda osauka, m'mene iye anali mmodzi wa akulu, kuti likumbukirenso othawawo. Posamvedwa, anatula udindo wace. Anamwalira ku New York pa 27 October 1948.