David Livingstone, Munthu Amene Analeka Kuzengereza

Mudzi wa Livingstone, m'dziko la Zambia, uli pafupi ndi mathithi akuru a Zambezi amene eni dziko amawacha Mosi-oa-Tunya. Unakhala likuru la Boma la Northern Rhodesia kuyambira caka ca 1911 kufikira 1935. Dzina lace ndi la mmishoni amene anafika pa mathithiwo m'mwezi wa November 1855.

David Livingstone anabadwa pa 19 March 1813 ku Blantyre, m'dziko la Scotland, kwa makolo osauka koma oopa Mulungu. Ali ndi zaka 10 analowa nchito m'nyumba yopotera thonje, ndipo madzulo anali kupita kusukulu. Pofika zaka ngati 12 anayamba kubvutika mumtima cifukwa ca zoipa zace. Koma anadziyesa wosayenera cifundo ca Mulungu, naganiza kuti adikire kufikira Mzimu Woyera atamsandutsa mwa njira yodabwitsa. Anadikira zaka zambiri osapeza mtendere, ndipo mtima wace unayamba kuzirala. Pomwe anali ndi zaka ngati 20 anawerenga buku la Thomas Dick, nazindikira kuti cipulumutso ndico mphatso yaulere mwa Kristu, yoyenera kulandiridwa pomwepo. Anailandira, nadzipereka ku nchito ya Ambuye.

Ataphunzira zaudokotala anatumidwa ndi London Missionary Society, nafika ku Afrika caka ca 1841. Mu 1851 anakomana ndi Sebituane, mfumu yamphamvu ya Makololo, imene inamlandira ndi cimwemwe. Patapita masiku owerengeka mfumuyo inadwala cibayo. Livingstone anayamba kuiuza za ciyembekezo ca kuseri kwa manda, koma asing'anga a mfumu sanalole kuti imfa ichulidwe, ndipo iye analeka, poopa kuti anthu angamuyese wofunira mfumu zoipa. Sebituane anamwalira m'mwezi wa July, asanaphunzire bwino Mau amene anamfikira. Imfayo inamlasa mtima Livingstone, ndipo anaona kuti mlaliki ndi womvera yemwe alibe ulamuliro pa tsiku lamawa.

Kuyambira pamenepo sanakhazikike. Anayenda mpaka ku Luanda ndi ku Quelimane, nafika ku Nyanja ya Nyasa mu 1859, naulula kwa anthu a ku Ulaya nkhanza za malonda a akapolo. Mkazi wace Mary anamwalira ku Shupanga mu 1862, koma iye sanataye nchito. Pa 1 May 1873 anampeza atamwalira cogwada pambali pa kama wace m'mudzi wa Chitambo. Susi, Chuma ndi anzao anakwirira mtima wace patsinde pa mtengo wa mpundu, nanyamula mtembo kufikira ku Bagamoyo, ndipo unaikidwa ku Westminster Abbey mu 1874.

Akuru akale anati zengerezu adalinda kwaukwau. Livingstone anataya zaka podikira cimene cinali kale pakhomo pace; Sebituane sanapatsidwe zaka zotero. Wakumva kuitana kwa Mpulumutsi lero abvomere lero lomwe.